Kinosaki, Tauni Yotumiza Alendo Kukasamba Kunja

Anzanga acinyamata, tayerekezani kuti kunyumba kwanu kwafika mlendo madzulo, wotopa, fumbi liri mbuu thupi lonse. Mwamulandira katundu, mwamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenaka mwatenga citenje ndi kathaulo, mwamupatsa m'manja, ndi kumuuza kuti, "Bafa iri uko kupitirira msika, pitani mukasambe pamodzi ndi anthu a m'mudzi muno." Ndikhulupirira kuti amai anu sangakusiyeni kuti mumalize ndi kulankhula komwe. Komatu ku Japan kuli tauni ina, dzina lake Kinosaki, kumene alendo amalipira ndalama zambiri kuti acitiridwe zimenezi, ndipo amabwerera kwawo akuyamikira. Mwambo umenewu sunabwere mwangozi ai. Eni tauni anaulimbirana m'khoti zaka 23.

Kinosaki iri m'cigawo ca Hyogo, kufupi ndi gombe la Nyanja ya Japan, ulendo wa maola awiri ndi theka pa sitima kucokera ku Kyoto. Kuyambira mu 2005 ndi mbali ya mzinda wa Toyooka. Ndi katauni kopanikizika pakati pa mapiri, ndipo pakati pake pamadutsa kamtsinje ka Otani, kokhala ndi mitengo ya misondodzi tsidya lino ndi tsidya linalo. Cuma cake ceniceni ndi madzi otentha otuluka pansi pa nthaka. Amene munayendapo pa mseu wa Great East Road mwina munaonapo nthunzi pa Chinyunyu. Ku Japan, dziko la mapiri ophulika moto, akasupe otere alipo oposa 27,000, ndipo amawacha onsen. Lamulo la mu 1948 limati kasupe ayenera dzina limeneli ngati madzi ake afika pa madigiri 25 kapena kuposa, kapenanso ngati ali ndi mlingo woikika wa micere ina ya m'nthaka. Madzi a ku Kinosaki ndi otentha ndithu, ndipo mukawalawa mudzamva kamcere.

Mukafika pa nyumba ya alendo ya cikale, imene iwo amaicha ryokan, nchito yoyamba ndi kuvula nsapato. Pakhomo pali malo otsikirapo ochedwa genkan. Nsapato zimatsala pamenepo, inu ndi kukwera pa matabwa. Amakupatsani masilipasi oyendera m'makonde, koma nawonso amatsala pakhomo la cipinda, cifukwa m'cipindamo mwayalidwa tatami, mphasa zocindikala za udzu woluka, zimene munthu amapondapo ndi mapazi kapena masokosi okha. Kukula kwa cipinda amakuwerengera pa mphasa zomwezi: cipinda ca mphasa 8, cipinda ca mphasa 10. Bedi mulibe. Muli katebulo kakafupi ndi mapilo okhalira pansi. Mai wanchito wochedwa nakai amagwada, amakuthirirani tiyi wobiriwira, ndi kukufunsani nthawi imene mufuna cakudya ca madzulo. Kenaka amatulutsa yukata, mkanjo wa thonje womanga ndi lamba m'ciuno. Samalani povala: mbali ya kumanzere ibwere pamwamba pa ya kumanja. Mukasemphanitsa, mwavala monga mmene amavekera mtembo.

Pomaliza mumalandira thaulo, geta zimene ziri nsapato za mtengo, ndi tikiti yolowera m'nyumba zosambira za m'tauni. Nyumba zambiri za alendo ziri ndi bafa yakeyake mkati, koma ndi yaing'ono, ndipo inacepetsedwa mwadala. Mabafa enieni ali kunja. Kinosaki inachuka ndi nyumba zosambira 7 za anthu onse, zochedwa sotoyu, ndiko kunena kuti madzi a kunja. Kuti mumve cifukwa cake, tiyenera kubwerera m'mbuyo kutali ndithu.

Dokowe, mmonke ndi cikho

Eni tauni ali ndi nthano ziwiri za ciyambi ca madzi awo. Yoyamba imati munthu wina anaona dokowe wovulala mwendo akubwera tsiku ndi tsiku kudzaima pa kadambo kena, mpaka anacira ndi kuuluka. Atapita kukaona anapeza madzi ofunda akutumphuka pamalopo. Kufikira lero nyumba imodzi yosambira imachedwa Kono-yu, madzi a dokowe. Nthano yaciwiri imati mmonke wa Cibuda, Dochi Shonin, anafika m'cigwaci mu 717, anamvera cisoni odwala amene anawapeza, ndipo anapemphera masiku 1,000 kufikira madzi otentha anatuluka mu 720, pamalo pamene pali nyumba yosambira ya Mandara-yu. Izi ndi nthano, ndipo tizimve monga nthano. Cimene ndifuna muone ndi cakuti zonse ziwiri sizikamba za kusangalala kapena kupumula. Zikamba za matenda. Ndipo za kudalira madzi otentha m'zaka zimenezo ziliko zolembedwa: buku la mbiri la Nihon Shoki, lomalizidwa mu 720, limasimba kuti Mfumu Jomei inapita ku akasupe a ku Arima mu 631. Arima iri m'cigawo comweco ca Hyogo.

Za dokowe uja ndionjezepo pang'ono. Mbalamezi zinatha m'chire la Japan mu 1971, ndipo zomalizira zinali ku Toyooka komweku. Mu 1985 analandira ana a dokowe ocokera ku Khabarovsk, ku Russia, anawaweta, ndipo mu 2005 anayamba kuwamasula kuti auluke okha. Mlendo wa mwai angathe kuona mmodzi m'minda ya mpunga, sitima iri pafupi kufika.

Pa phiri loyang'ana tauni pali kacisi wa Onsenji, amene amati anakhazikitsidwa mu 738. Kale wodwala sanali kuthamangira ku madzi akangofika. Anali kuyamba wakwera ku kacisiko, kumene anali kulandira cikho cotungira madzi, ndipo cikho cimeneco ndico cinali ngati cilolezo cake cosambira. Pobwerera kwawo anali kukacibweza. Munthu wofika ndi cikho cobwereka amadziwa yekha kuti madziwo si ake.

Kusamba kwa mankhwala kumeneku amakucha toji, ndipo sikunali kwa tsiku limodzi. Masiku 7 anali kuwerengedwa ngati cigawo cimodzi, ndipo wofuna kucira bwino anali kutha zigawo zitatu, ndiwo masiku 21. M'malo ambiri a akasupe alimi anali kubwera nchito ya kumunda ikacepa, atasenza mpunga wawo, ndiwo zawo ndi miphika yawo, kudzaviika misana yowawa ndi zilonda zosapola. Nyumba ya alendo ya masiku amenewo inali pogona ndi pophikira cabe. Bafa munalibe, pakuti madzi anali kutuluka pamalo ocepa okha, ndipo makina okumbira pansi kapena opopera madzi kunalibe. Wolemera ndi wosauka onse anali kutuluka panja kulondola madzi kumene ali, monga mmene timalondolera citsime.

Mbiri ya Kinosaki inakwezedwa ndi madotolo. Goto Konzan wa ku Kyoto, amene anamwalira mu 1733, anali kutumiza odwala ake ku madzi otentha. Wophunzira wake, Kagawa Shutoku, analemba m'buku lake la mankhwala la mu 1738 kuti kasupe wina wa ku Kinosaki wochedwa Ara-yu ndiye woposa onse m'dziko. Eni tauni sanacedwe: nyumba yosambira ya pamenepo inasandulika Ichino-yu, madzi a nambala wani, ndipo dzinalo lidakalipo.

Miseu ya a Tokugawa

Pamene odwala anali kuviika misana, pa miseu ikuluikulu ya dziko panali kukula mtundu wina wa nyumba za alendo. Kuyambira mu 1603 kufikira mu 1868 Japan inali m'manja mwa akulu a nkhondo ochedwa shogun, a banja la Tokugawa, amene likulu lawo linali Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Mu 1635 shogun Iemitsu anakhazikitsa lamulo lakuti mafumu a zigawo azikhala caka cimodzi ku Edo, caka cina kwawo. Mfumu imodzi inali kuyenda ndi anthu mazana, nthawi zina zikwi, ndipo onsewo anafunika pogona. Pa mseu wa Tokaido wokha, wocokera ku Edo kupita ku Kyoto, panali malo oimapo 53. Mafumu anali kugona m'nyumba zaulemu zochedwa honjin. Anthu wamba a ndalama pang'ono anali kugona mu hatago, mmene munthu anali kulandira cakudya ca madzulo ndi ca m'mawa. Osaukitsitsa anali kupita ku kichin-yado, kumene anali kulipira mtengo wa nkhuni cabe ndi kudziphikira okha. Mukayang'ana ryokan ya lero mudzaona zonsezi zitasakanikirana. Cipinda caulemu cokhala ndi kamalo kokolekapo cithunzi ndi duwa cimakumbutsa honjin. Mwambo wolipira usiku umodzi pamodzi ndi zakudya ziwiri, ndipo mtengo wake nkuwerengedwa pa munthu mmodzi osati pa cipinda, unacokera ku hatago.

Masiku amenewo munthu wamba sanali kuyenda mwaufulu. Pa miseu panali zipata za alonda, monga cija ca pa Hakone, ndipo wodutsa anafunika kalata ya cilolezo. Koma zifukwa ziwiri zinali zobvuta kuzikana: kupita kukapembedza ku kacisi wa kutali, ndi kupita kukacira ku madzi otentha. Ndani akanakana wodwala, pamene Tokugawa Ieyasu mwini wake anakhala masiku 7 ku akasupe a ku Atami mu 1604? Conco anthu ambiri a thanzi labwinobwino anayamba kumva nyamakazi akafuna kuona dziko. Sindiwaweruza.

Apa ndi pamene toji inayamba kufupika. Nyumba za pa akasupe a ku Hakone zinayamba kulandira apaulendo ofuna kugona usiku umodzi wokha. Eni nyumba za pa malo oimapo a boma, makamaka a ku Odawara, anakadandaula kuti akulandidwa makasitomala, pakuti kwa iwo nyumba za pa akasupe zinali za odwala okhalitsa. Mu 1805 boma linagamula kuti kugona usiku umodzi pa akasupe ndi kololedwa. Akulu amati mlendo ndi mame, ndipo kuyambira pamenepo mlendo wa pa onsen anayamba kukhala mame enieni: wafika madzulo, dzuwa likamakwera wacoka.

Kinosaki inali kutali ndi miseu ikuluikulu imeneyi, kuseri kwa mapiri, ndipo inali malo abwino obisalako. Katsura Kogoro, mmodzi wa atsogoleri amene pambuyo pake anagwetsa ulamuliro wa a Tokugawa, anabisalako m'nyumba ina ya alendo pamene anali kusakidwa pambuyo pa nkhondo ya ku Kyoto ya mu 1864. Kutalika kumeneku kunathetsedwa ndi njanji, imene inafika mu 1909. Mu August 1913 mlembi wacinyamata, Shiga Naoya, anagundidwa ndi sitima ku Tokyo koma anapulumuka. Mu October caka comweco anabwera ku Kinosaki kudzacira, ndipo anakhala pafupifupi milungu itatu, muyezo wakale uja wa toji, m'nyumba ya alendo yochedwa Mikiya. Mu 1917 anafalitsa kankhani kakafupi, Kinosaki nite, kosimba za tizilombo titatu timene anaona kumeneko: njuci yakufa pa denga, khoswe wolimbana ndi imfa mumtsinje, ndi kanyama ka m'madzi konga buluzi kamene iye mwini anakapha ndi mwala mosafuna. Nkhaniyo inalowa m'mabuku a sukulu, ndipo inachukitsa tauni kuposa dotolo uja. Dzina la Mikiya mulisunge, tikumana nalonso.

Moto wa mu 1925

Pa 23 May 1925, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, civomezi cacikulu cinagwedeza dera lonse la kumpoto kwa Hyogo. Inali nthawi yophika cakudya ca masana, moto uli m'makhichini onse. Nyumba za matabwa zinagwera pa motowo, ndipo m'cigwa copanikizika cija munalibe kothawira. Pafupifupi tauni yonse inapsa. M'dera lonse munafa anthu 428, ndipo oposa 270 mwa iwo anali a ku Kinosaki, ambiri ndi akazi.

Otsala anakhala pansi kukambirana mmene angamangirenso. Maganizo a akuluakulu a boma anali akuti amange nyumba zamakono za simenti, ndipo ku Toyooka, kumene nakonso kunapsa, nyumba zotere zinamangidwadi. A ku Kinosaki, motsogoleredwa ndi mkulu wa tauni Nishimura Sahei, anasankha njira ina. Anamanganso nyumba za alendo ndi matabwa, zosanjikana katatu, monga kale. Eni malo anapereka mbali ya malo awo kuti miseu ikule ndi mtsinje ukonzedwe. M'mbali mwa Otani anamanga ndi miyala yakuda yocokera ku mapanga a Genbudo, anaika milatho ya simenti, ndipo anabzala misondodzi ija. Simenti anaisungira nyumba za anthu onse, kuphatikizapo zina zosambira, kuti zikhale ngati zipupa zochinga moto. Ndipo pakati pa zinthu zoyamba kumangidwanso panali nyumba zosambira, cifukwa popanda izo nyumba za alendo zikanakhala zopanda alendo. Kusankha matabwa kuli ndi mtengo wake, paja walira mvula walira matope: mu January 2015 moto unapserezanso nyumba zingapo pakati pa tauni, ndipo anthu awiri anafa.

Madzi ndi a yani?

Tauni iri mkati momangidwanso, mu 1927, mwini wa Mikiya analengeza kuti nyumba yake yatsopano idzakhala ndi bafa ya madzi otentha mkati. Tisafulumire kumuona ngati munthu woipa. Kasupe amene anafuna kugwiritsa nchito anali pa malo ake enieni. M'matauni ena a onsen nyumba za alendo zinali kale ndi mabafa mkati, ndipo alendo obwera pa sitima anali atayamba kuzolowera zimenezo. Ndiponso ku Kinosaki kumagwa cipale cofewa cambiri m'nyengo yozizira. Taganizirani agogo odwala miyendo akutsetsereka pa nsapato za mtengo usiku, kufunafuna kosambira. Mwini nyumba wowakonzera bafa pafupi ndi cipinda cawo walakwa ciani?

Koma anzake anaona zina. Madzi otentha a m'cigwaco anali kuyang'aniridwa ndi bungwe la cuma ca mudzi la Yushima, limene ndi dzina lakale la malowo. Kwa iwo, madzi a pansi sadziwa malire a munda wa munthu: wina akatunga kwambiri kwake, a m'nyumba zosambira za onse adzacepa. Ndipo mmodzi akaloledwa, onse olemera adzakumba, pamene eni tinyumba tating'ono, osakwanitsa kukumba, adzatsala manja lende. Panalinso nkhani ya mseu. Mlendo wosamba mkati satuluka. Wosatuluka sagula kanthu kwa wogulitsa maswiti, salowa m'kanyumba ka zakudya, sapita kwa wometa tsitsi. Anthu amene anali atangopereka malo awo kuti tauni iuke sanafune kuona phindu lonse likutsekeredwa m'zipupa za nyumba zingapo zikuluzikulu.

Nkhani inapita ku khoti, ndipo inagawa tauni. Mlandu unapitirira m'zaka zonse za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Ana amene anabadwa mkangano utayamba anafika pokwatira usanathe. Unatha mu 1950, ndipo sunathe ndi kupambana kwa mbali imodzi koma ndi pangano. Mphamvu pa madzi otentha inatsimikizidwa kuti iri m'manja mwa bungwe la Yushima. Nyumba za alendo zinaloledwa kukhala ndi mabafa mkati, koma pa madzi ogawiridwa ndi bungwelo, ndipo kukula kwa bafa kunaikidwa malire, kuti mlendo wofuna kutambasula miyendo m'dziwe lalikulu atulukebe panja. Mu 1972 anamaliza makonzedwe osonkhanitsa madzi a akasupe osiyanasiyana pamodzi ndi kuwagawa m'mapaipi ku nyumba zosambira ndi ku nyumba za alendo. Conco madzi amene mungasambe mkati ndi amene mungasambe kunja ndi amodzimodzi. Eni tauni amakonda kunena kuti Kinosaki yonse ndi nyumba imodzi ya alendo: sitesheni ndiyo khomo, miseu ndiyo makonde, ma ryokan ndiwo zipinda, ndipo sotoyu ndiyo bafa.

Kwa ine, panganolo linali lanzeru koposa mmene opangana ake akanadziwira. Kuyambira m'ma 1960, cuma ca Japan citakwera, makampani anayamba kutengera anchito awo ku akasupe m'magulu akuluakulu. Matauni ambiri anamanga mahotela a simenti okhala ndi zonse mkati: madziwe osambira, masitolo, malo omwera ndi oimbira. Alendo anali kutsika basi pakhomo ndi kukweranso basi pakhomo pomwepo, osaponda mseu wa m'tauni. Cuma citagwa kuciyambi kwa ma 1990, maulendo a magulu aja anacepa, ndipo mahotela ena anatsekedwa. Ku Kinugawa, m'cigawo ca Tochigi, ena anasiyidwa ali mabwinja m'mphepete mwa mtsinje. Mu 1980 Japan inali ndi ma ryokan oposa 80,000. Pofika mu 2017 anali osakwana 40,000. Kinosaki sinathe kumanga zimphona zotere ngakhale ikanafuna, cifukwa cimphona cimafuna dziwe lalikulu, ndipo dziwe lalikulu linali loletsedwa.

Si kusowa kwa alendo kokha kumene kumatseka nyumbazi. Kwina kumasowa wolowa m'malo. Ku Kinosaki kuli nyumba yochedwa Koman imene imawerengera ciyambi cake ku 717. Hoshi, ya ku Awazu m'cigawo ca Ishikawa, imati inayamba mu 718. Keiunkan, ya ku Yamanashi, imachula caka ca 705, ndipo mu 2011 a Guinness anailemba kuti ndiyo nyumba ya alendo yakale kwambiri pa dziko lonse. Musaganize kuti ndi matabwa amene akhala zaka zonsezo. Nyumba zinamangidwanso kambirimbiri. Cimene cakhalitsa ndi dzina ndi nchito, ndipo mabanja a ku Japan anali ndi njira yake yozisungira: pakasowa mwana wamwamuna woyenera, anali kutenga mkamwini, kapena mnyamata wina wodalirika, ndi kumulemba kukhala mwana wawo, natenga dzina la banjalo. Ngakhale njira imeneyi ili ndi polekezera. Keiunkan inayenda mibadwo 52 m'banja limodzi, koma mu 2017 panalibe wacibale wofuna kuitenga, ndipo inapatsidwa kwa manijala wake, Kawano Kenjiro.

Tsopano tulukani

Mwavala yukata, mwaponda geta, tiyeni kunja. Madzulo mseu wa m'mbali mwa Otani umadzaza anthu ovala cimodzimodzi, nsapato za mtengo zikungoti kho kho kho pansi. Bwana wa kampani ndi wophunzira wa pa koleji simungawasiyanitse. Pakhomo la nyumba yosambira pali nsalu ziwiri zolenjekeka, kawirikawiri yabuluu ya amuna ndi yofiira ya akazi. Kale m'malo ambiri amuna ndi akazi anali kusamba pamodzi, koma maboma anayamba kuletsa zimenezo, ku Edo mu 1791, ndipo mwamphamvu pambuyo pa 1868. Zovala zonse zimatsala m'dengu kapena m'kabati. Ndidziwa kuti apa ena mwakwinya nkhope, koma amene munakulira kumudzi mukumbukire dooko la amuna ndi dooko la akazi pa mtsinje. Kusiyana kwake ndi denga cabe.

Lamulo lalikulu ndi ili: m'dziwe simosambiramo. Mumayamba mwakhala pa kampando pambali, kudzipaka sopo ndi kudzitsukuluza bwinobwino mpaka thobvu lonse litatha, ndipo mukayera ndi pamene mumalowa m'madzi otentha kukangokhala cete. Kathaulo kanu kasakhudze madzi, ambiri amakapinda ndi kukaika pamutu. Madzi amakhala pa madigiri 42 kapena capafupi, ndipo wosazolowera asakhalitsemo, angacite cizungulire. Malamulo onsewa ali ndi muzu umodzi ndi mlandu uja: amene alowe pambuyo panu apeze madzi oyera monga munawapezera. M'malo ambiri a ku Japan munthu wodindidwa zithunzi pathupi amabwezedwa pakhomo, cifukwa zithunzi zotere amaziona ngati cizindikiro ca magulu a zigawenga. Mabafa a kunja a ku Kinosaki amamulandira.

Mukabwerera mudzapeza cakudya cochedwa kaiseki: timbale tambirimbiri tobwera motsatizana, nsomba yaiwisi yoduladula, msuzi, zamasamba za nyengo imeneyo, nyama ya ng'ombe za mtundu wa Tajima zimene zimaperekanso nyama yochuka ya Kobe, ndipo mpunga umabwera kumapeto. Kuyambira pa 6 November kufikira mu March ndi nyengo ya nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zochedwa matsuba, ndipo anthu ambiri amakwerera sitima nkhanu zimenezi. Wozolowera nsima angaone ngati akumunyengerera ndi tindiwo, koma akafika pa mbale ya khumi adzamasula lamba wa yukata. Alimi a toji aja, ndi miphika yawo yakuda, sakanazindikira tebulo limeneli.

Cakudya cikatha anchito amakankhira tebulo pambali, amatulutsa futon m'kabati ya m'cipupa ndi kuyala pa tatami. Cipinda codyeramo casanduka cogonamo. Kunja geta zimamvekabe, pakuti tikiti ija imalola munthu kulowa m'nyumba zosambira zingapo usiku umodzi, ndipo zina zimatseka 11 koloko usiku.

M'mawa mudzapatsidwa mpunga, msuzi wa miso, nsomba yowocha ndi zamasamba zoviika mumcere. Koma ngati mungathe, dzukani cakudya cisanafike. Nyumba zina zosambira zimatsegula 7 koloko, ndipo mwamuna woyamba ndi mkazi woyamba kulowa tsiku limenelo amapatsidwa kathabwa kolembedwapo dzina la bafayo. Ndiye mukafika pa Kono-yu kusanawale bwino, musadabwe kupeza anthu ataima kale pakhomo, manja atawapisa m'mikono ya yukata, akudikira kuti citseko citseguke.